Mpira Si Ntchito? Kafunseni Arthur Wharton

Tsiku lina Lolemba m'mawa mesenjala wa ku ofesi kwathu adayenda chitseko ndi chitseko atanyamula pepala ndi envulopu. Ife ogwira ntchito m'boma pepala lotere timalidziwa likadali patali: pamwamba dzina la womwalira, pansi mizere yoti aliyense alembe dzina lake ndi kangachepe kamene wapereka. Koma tsiku limeneli dzina la pamwambalo silidali la mnzathu wa mu unduna. Lidali la munthu amene ine ndili mwana ndinkamumva pa wailesi Loweruka masana, wosewera mpira wamiyendo amene makamu ankamuimbira nyimbo, amene ife tikamakankha chikulunga pafumbi tinkalimbirana kutchedwa dzina lake. Mwana wa mlongo wake ndi dalaivala wathu. Banja lidalibe ndalama ya bokosi.

Mkulu wina amene timakhala naye chipinda chimodzi, munthu wopemphera ndi wosunga nthawi, amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito, adaliyang'ana pepalalo, nalemba kandalama kake, kenaka adapukusa mutu. "Komatu anyamatawa amadzipha okha," adatero. "Ndalama zonse zija adadyera kuti? Paja ine ndimanena kuti mpira si ntchito, ndi masewera. Munthu ukamasewera usamayembekezere penshoni."

Ine ndidangoti, "Ndamva, akulu," chifukwa m'maofesi mwathu wamng'ono satsutsa wamkulu pamaso pa mesenjala. Koma mawuwo adanditsamwa tsiku lonse, ndipo mpaka lero sadatsike. Mbewa yamanyazi idafera kuuna, choncho zimene ndidalephera kunena ndi pakamwa ndazilemba pano. Sinditchula dzina la malemuyo, pakuti banja lake lidachita kale manyazi okwanira poyendetsa envulopu. Mboni yanga ndikaitenga kutali, ku England kumene mpira wolipidwa udayambira, kuti wina asati ndikukondera timu yanga kapena ndikunyoza yake. Mboniyo dzina lake ndi Arthur Wharton, munthu amene adagona m'manda opanda chiliza zaka 67.

Wharton adabadwa pa 28 Okutobala 1865 ku Jamestown, mu mzinda wa Accra, m'dziko limene atsamunda ankalitcha Gold Coast, lomwe lero ndi Ghana. Sadali mwana wa mmphawi. Bambo ake, a Henry Wharton, adali mbusa wa mpingo wa Methodist wochokera ku chilumba cha Grenada. Mayi ake, a Annie Florence Grant, adali a banja lolemekezeka la mtundu wa Afante, la magazi achifumu. Bambowo adamwalira mu 1873 mwanayo akadali wamng'ono, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 abale adamutumiza ku England kukaphunzira, ndi chiyembekezo choti adzabwerako ali mtumiki wa mpingo ngati bambo ake. Adaphunzira ku Cannock, kenaka ku Darlington. Mfundo iyi muigwiritse, akulu, chifukwa tidzaifuna kutsogoloku: munthu tikunenayu adali wa kusukulu, osati mbuli yothawa m'kalasi kuthamangira mpira.

Ku Darlington ndi kumene anthu adazindikira kuti mnyamatayu ali ndi liwiro la mtondo wadooka. Mu Julaye 1886, pa mpikisano waukulu wa othamanga a dziko lonselo umene udachitikira pa bwalo la Stamford Bridge ku London, adathamanga mayadi 100, omwe ndi mamita 91, m'masekondi 10. Adachita zimenezi m'ndime yosankhira, nabwerezanso m'ndime yomaliza. Mwa othamanga osalipidwa padziko lonse, padalibe amene mabuku ankamuvomereza kuti adaposa pamenepo. Chaka chotsatira adabweranso n'kupambananso. Mwana wa ku Accra adali munthu waliwiro koposa onse mu Britain.

Chodabwitsa n'chakuti munthu waliwiro chotere pa mpira ankakhala pagolo. Ugoloboyi wa masiku amenewo sudali wa anthu amantha, pakuti malamulo ankalola osewera akutsogolo kumugunda goloboyi ndi phewa, ngakhale kumukankhira m'golo pamodzi ndi mpira womwewo. Wharton adayambira ku timu ya Darlington, kenaka idamutenga Preston North End, imene panthawiyo idali timu yoopedwa koposa. Mu 1887 adathandiza kuifikitsa m'ndime ya semifainolo ya chikho cha FA, chikho chachikulu cha dzikolo, kumene adagonja 3-1 ndi West Bromwich Albion. Munthu wina amene adamuonapo akusewera adalembera nyuzipepala ya ku Sheffield mu 1942, patatha zaka pafupifupi 50, kusimba m'mene Wharton adalumphira n'kugwira mtengo wopingasa wa golo ndi manja, mpira n'kuupana ndi miyendo, osewera atatu amene ankamuthamangira n'kukagwera mu ukonde. Chinthu chimene munthu amachikumbukira zaka 50 ndiye kuti chidali chinthu ndithu.

Tsopano mverani kumene mawu anu aja adachokera, akulu, chifukwa simudawayambe ndinu. Bungwe la Football Association, limene ambiri amangoti FA, lidalemba malamulo a mpira mu 1863 ku London, ndipo ambiri mwa olembawo adali ana a anthu opeza bwino amene adaphunzira sukulu zodula. Kwa iwo mpira udalidi masewera, chifukwa chakudya chawo chinkachokera kwina: ku chuma cha makolo, ku mabanki, ku maofesi a zamalamulo. Koma kumpoto, ku Lancashire, mpira udalowa m'manja mwa anthu a m'mafakitale a nsalu, ndipo makamu adayamba kulipira pachipata kuti aonere. Munthu wa m'fakitale akajomba ku ntchito kuti akasewere, kapena akathyoka mwendo, ana ake ankagona ndi njala. Matimu adayamba kulipira mobisa. Mu 1884 Preston idachotsedwa m'chikho cha FA mkulu wake, William Sudell, atavomera poyera kuti osewera ake amawalipira. Matimu a kumpoto ataopseza kuti apanga bungwe lawolawo, FA idagonja mu Julaye 1885 n'kuvomereza mpira wolipidwa. Koma mabwanawo sadasiye kumuona wosewera wolipidwa ngati munthu wotsika, wogulitsa chinthu chosayenera kugulitsidwa. Mawu akuti mpira si ntchito ndi mawu a munthu wokhuta. Ife tidangowatola pamodzi ndi tayi ndi jekete.

Wharton adalibe cholowa cha makolo ku England, motero adayenera kudya thukuta la miyendo yake. Mu 1888 adasamukira ku Sheffield kukathamanga molipidwa m'mipikisano imene anthu ankabetcherana ndalama. Potero adasiyana ndi Preston m'chaka chimene ligi yoyamba padziko lonse idayamba, Preston n'kuitenga osagonja ngakhale kamodzi. Mu 1889 adasayina ngati wosewera wolipidwa ku Rotherham Town, ndipo ichi ndi chimene amamutchulira munthu wakuda woyamba kusewera mpira wolipidwa. Chaka chotsatira adakwatira mkazi wa komweko. Ndalama ya mpira yokha sidali yokwanira, choncho nyengo yotentha ankasewera cricket molipidwa, komanso ankayendetsa malo omwera mowa. Kumupezera wosewera bala yoti aziyendetsa idali njira yodziwika imene matimu a nthawiyo ankakopera akatswiri, poti dzina la katswiri linkaitana makasitomala.

Tifike tsopano pa chaka chimene chimandikhudza ine monga wogwira ntchito m'boma. Mu 1893, asanakwanitse zaka 30, dzina lake likadamveka, Wharton adachita chimene inu akulu mumati osewera sachita: adaganiza za mawa. Adalemba kalata yofunsira ntchito m'boma la atsamunda la Gold Coast, kuti abwerere kwawo akakhale pa desiki ngati ine ndi inu. Sukulu adali nayo, banja lake lidali lodziwika m'dzikomo. Adamukana. Ofufuza amene adalondola nkhaniyi amati moyo wake wa masewero olipidwa ndi umene udamuipitsira mbiri pamaso pa mabwana. Munthu wothamangira ndalama, woima pagolo anthu wamba akumukuwiza, sadali woyenera kugwira cholembera cha Mfumukazi.

Ndakhala ndikutsegula ndi kutseka mafayilo zaka zoposa 15, ndipo ndikudziwa m'mene kalata yotere imafera. Palibe amene amakuwa. Wina amalemba mizere iwiri m'mbali, wina n'kusayina, fayilo n'kubwerera ku registry, moyo wa munthu n'kukhota mpaka kalekale. Taonani msampha wake. Akamasewera amamuuza kuti si ntchito, choncho asayembekezere penshoni. Akafuna ntchito imene iwo amati yeniyeni amamuuza kuti ndiwe wosewera, choncho sukuyenera. Khomo lakumaso lotseka, lakuseri lotseka, kenaka m'mawa tikumufunsa chimene wagonera panja.

Mu 1894 adapita ku Sheffield United, timu ya m'ligi yaikulu. Tsoka ilo, chaka chomwecho timuyo idatenganso mnyamata wa zaka 20, William Foulke, chimphona cha munthu chimene chidadzaima pagolo la timu ya dziko la England. Wharton adasewera masewero amodzi okha a ligi, ku Sunderland mu Febuluwale 1895, ndipo tsiku limenelo adakhala munthu wakuda woyamba kusewera m'ligi yaikulu ya England. Kuchokera apo ulendo udali wotsetsereka, kudzera m'matimu ang'onoang'ono monga Stalybridge Rovers ndi Ashton North End, mpaka ku Stockport County kumene adasiyira mpira mu 1902 ali ndi zaka 36. Timu yosankha mnyamata n'kusiya wokulirapo sindiiimba mlandu, ndi m'mene mpira umakhalira. Thupi limatha. Funso langa ndi lakuti, thupi likatha, amene adadya thukuta lake amutani munthuyo?

Yankho la eni mpira a nthawi imeneyo lidalembedwa m'malamulo awo. Kuyambira mu 1893, wosewera akalembetsa ku timu ya m'ligi sakadatha kupita ku timu ina ya m'ligi popanda chilolezo cha eni ake, ngakhale mgwirizano wake utatha, ngakhale atasiya kumulipira. Mu 1901 adaika malire a malipiro: mapaundi 4 pa sabata, kaya bwalo ladzaza chotani. Osewera adayesa kupanga bungwe lowalankhulira mu 1898 koma silidakhalitse. Limene lidakhalitsa lidabadwa mu 1907, Wharton atasiya kale mpira. Malire a malipiro adachotsedwa mu 1961 osewera ataopseza kunyanyala, ndipo lamulo lomanga wosewera lija lidayamba kugwa mu 1963 pamene George Eastham adapambana mlandu kukhoti. Ndiye wina aziti si ntchito? Chinthu chokhala ndi olemba anthu, malipiro, malire a malipiro, sitalaka ndi milandu ya kukhoti, ngati si ntchito ndi chiyani? Amene ankawerenga ndalama za pachipata ankadziwa bwino lomwe kuti ndi bizinesi. Amene ankauzidwa kuti ndi masewera chabe adali wosewera yekha, pa tsiku limene wabwera kudzafunsa zake.

Zaka zomaliza za moyo wake Wharton adazithera ku Edlington, pafupi ndi Doncaster, akugwira ntchito yokoka ngolo za malasha pa mgodi wa Yorkshire Main. Sindikunyoza ntchito ya mumgodi. Agogo athu ambiri adaigwira ku Joni, ndipo idamanga nyumba zamalata m'midzi mwathu. Ndiponso mgodi udamupatsa chinthu chimodzi chimene mpira udamumana. Kumeneko padalibe womuuza kuti akusewera. Adali wantchito, membala wa bungwe la anthu a m'migodi, ndipo mu 1926, ali ndi zaka 60, adanyanyala nawo ntchito pa sitalaka yaikulu ya dziko lonse. Adamwalira mu Disembala 1930 m'nyumba yosungira odwala ku Balby, ali ndi zaka 65, wopanda kanthu. Adamuika m'manda a ku Edlington popanda mwala, popanda dzina.

Ndikudziwa chimene muyankhe, akulu, chifukwa mudachinena kale pa envulopu paja: adadzipha yekha. Sindibisa kanthu. Olemba mbiri yake amanena kuti Wharton ankamwa mowa kwambiri, ndipo matenda amene adamutenga adali khansa ndi chindoko. Sadali mngelo, ndipo sindidabwere kudzamuyeretsa. Koma ndikufunseni, kodi m'maofesi mwathu muno mulibe amene amamwa? Simukumudziwa mnzathu amene malipiro ake amathera ku bala mwezi usanafike pa 5, amene amabwera Lolemba maso ali psuu? Iyeyo akadzapuma adzalandira penshoni yake yonse, ndipo akamwalira ali pa ntchito padzabwera bokosi ndi galimoto. Palibe amene adzati tiyambe taona ngati ankakhala bwino ndi mkazi wake. Penshoni si mphotho ya khalidwe labwino, ndi malipiro a ntchito amene adasungidwa. N'chifukwa chiyani wosewera yekha ndiye ayenera kukhala woyera mtima kuti aikidwe m'manda mwaulemu? Ndipo musaiwale kumene mpira udamuimika zaka zonse zija, kuseri kwa kauntala ya bala. Kumupatsa munthu bala m'malo mwa penshoni, kenaka n'kumadabwa kuti amamwa, kuli ngati kumangirira mbuzi m'munda wa chimanga n'kuiimba mlandu wakuba.

Ena adzati zimenezo n'zakale, osewera a ku England masiku ano amalandira pa sabata ndalama zimene kalaliki sadzaziona moyo wake wonse. Zoona. Koma ndalamazo sizidagwe kumwamba ngati mvula. Zidabwera chifukwa osewera adakana mawu akuti mpira si ntchito, napanga bungwe, naopseza sitalaka, napita kukhoti. Komanso amene timawaona pa kanemawo ndi owerengeka. Pansi pawo pali anyamata ankhaninkhani m'maligi ang'onoang'ono a maiko ambiri, athu omwe, amene moyo wawo ukufanana ndi wa Wharton kuposa wa anzawo a pa kanemawo: zaka zochepa za m'manja ndi nthungululu, kenaka bondo lotupa ndi zaka 30 zosadziwa kolowera.

Nanga dzina la Wharton lidatuluka bwanji m'manda? Sadayambe kulifukula ndi matimu amene adawasewerera, kapena mabwana a FA. Adalifukula ndi mlembi. Phil Vasili adakhala zaka akufufuza m'nyuzipepala zakale, ndipo mu 1998 adatulutsa buku la mbiri ya Wharton. Kafukufuku wakeyo, pamodzi ndi khama la bungwe la ku Sheffield lolimbana ndi tsankho pa mpira lotchedwa Football Unites, Racism Divides, ndiye adachititsa kuti mu 1997 pamanda paja pamangidwe chiliza. Mu 2003 dzina lake lidalowa m'kaundula wa akatswiri olemekezeka a mpira wa ku England. Mu Okutobala 2014 adavundukula chiboliboli chake chamkuwa, chotalika pafupifupi mamita 5, ku St George's Park, kumene timu ya dzikolo imakonzekerera masewero.

Zonsezi n'zabwino, ndipo amene adazimenyera ndimawayamika ndi mtima wonse. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chibolibolicho chimamuonetsa Wharton ali m'malere, akuuluka kukankha mpira. Palibe chiboliboli cha Wharton wa zaka 60 akukoka ngolo. Liwu limene amamutamanda nalo ndi limodzi: woyamba. Ndipo liwu limeneli ndi loterera. Ofufuza ena amaloza Andrew Watson, wobadwira ku British Guiana, amene adatsogolera timu ya Scotland pogonjetsa England 6-1 mu 1881, ndipo amati mwina adalipidwapo ku timu ya Bootle mu 1887, Wharton asanasayine ku Rotherham. Tiyerekeze kuti n'zoona. Ndiye kuti chiliza chija tikachigumule? Ngati munthu timamulemekeza chifukwa choti adali woyamba basi, wachiwiri ndi wachikhumi adzagona opanda dzina mpaka liti? Watson yemweyo akuchitira umboni mfundo yanga. Bambo ake adamusiyira chuma chambiri, ndipo zaka zake zambiri adatha kusewera mpira ngati masewera. Wharton adausewera ngati ntchito, nafa imfa ya wantchito wotayidwa.

Sindikuchepetsa nkhani ya khungu. Nyuzipepala zinkamutcha dzina lonyoza mtundu wake ngati kuti ndi dzina la ubatizo. Olemba ena a kumpoto ankati ndi woyenera kusewerera England, koma sadaitanidwe, ndipo padatenga mpaka 1978 kuti Viv Anderson akhale wakuda woyamba kusewerera timu yaikulu ya dzikolo. Tsankho lidalipo, ndipo lidathandiza kuti aiwalike msanga. Koma azungu ambiri amene adasewera m'nthawi yake adatheranso m'migodi ndi m'mafakitale, ena mu umphawi wadzaoneni, ndipo iwo alibe ngakhale chiboliboli. Nkhaniyi tikaisandutsa ya khungu lokha imakoma kwa aliyense. Angerezi amapepesa ndi mkuwa, ife timapukusa mitu n'kumati azungu ndi oipa, aliyense n'kupita kwawo mtima uli myaa. Nanga malemu wathu wa pa envulopu uja adamusala ndani? Amene adadzaza bwalo kumuchemerera adali akuda. Amene adatolera za pachipata adali akuda. Amene adati adadzipha yekha ndi wakuda. Ndipo amene adangoti "Ndamva, akulu" ndi ine.

Apa ndiye ndikutembenukira kwa inu alembi anzanga, chifukwa mlandu wina ndi wathu. Takhala tikulemba za chikondi chosweka, za ufiti, za edzi, za mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi omupeza, ndipo tidachita bwino. Koma tikamva za mpira timanyogodola, ngati kuti ndi nkhani ya pa tsamba lomaliza la nyuzipepala, yosayenera kulowa m'buku. Potero timavomerezana ndi mabwana a 1863 aja osadziwa. Komatu ndi kuti kwina kumene anthu a zipembedzo zonse, zipani zonse ndi zigawo zonse adalirapo ndi kusekera limodzi kuposa pabwalo la mpira? Dziko lino lidatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, ndipo mu 1984 lidapita koyamba ku ndime zomaliza za chikho cha maiko a mu Africa. Ndi mabuku angati a m'Chichewa amene tingaike pa tebulo osimba moyo wa anthu amene adachita zimenezi, kumene adabadwira, amene adawagulira nsapato zoyamba, zimene ankalandira, ntchito imene adagwira atasiya, matenda amene adawagoneka? Wharton adapulumuka chifukwa nyuzipepala za zaka 100 zapitazo zidasungidwa, ndipo Vasili adapeza pofukula. Kwathu kuno zambiri zili m'mitu ya anthu amene akukalamba. Tikazengereza, wodzafukula wathu adzapeza chiswe chitadya kale.

Zopempha zanga si zambiri. Kwa oyendetsa mpira: wosewera ndi wantchito, apatsidwe mgwirizano wolembedwa umene angaumvetse, chithandizo akavulala, ndi kandalama kosungidwa mwezi ndi mwezi ka tsiku limene maondo adzakana. Kwa osewera: mutu umodzi susenza denga, ndipo anzanu a ku England zimene ali nazo adazipeza ali gulu. Kwa ife a m'maofesi: mnyamata akabwera ndi kalata yofunsira ntchito, zaka zake 10 atazithera pabwalo, tisamuone ngati wotaya nthawi. Munthu amene ankadzuka mbandakucha kukachita zokonzekera, namvera mphunzitsi, nagwira ntchito ndi anzake 10 pamaso pa khamu lolusa, ali ndi mwambo umene ena a ife tilibe. Tisakhale ngati bwana uja wa 1893 amene adatseka fayilo ya Wharton. Kwa alembi: tengani kope ndi cholembera, mukawapeze anthuwa akadali moyo, akutha kukutsutsani mukalakwitsa.

Envulopu ija idazungulira maofesi onse, ndipo bokosi lidagulidwa, la mtengo wotsika. Kumaliro kudabwera anthu ambiri, ena atavala makaka a timu yake, ndipo olankhula adamutcha katswiri, ngwazi, mzati wa mpira. Ine ndidaima kumbuyo n'kumadzifunsa kuti mawu okoma onsewo akadakhala ndalama, akadagula mankhwala a miyezi ingati. Akulu aja akupuma chaka chamawa, ndipo ndidzakhala woyamba kusonkha ya mphatso yawo, chifukwa agwira ntchito mokhulupirika ndipo penshoni yawo ndi yowayenera. Tsiku limenelo ndidzawapatsanso nkhani ino, ndi kuwafunsa mwaulemu funso limene ndidalimeza pamaso pa mesenjala. Akulu, zaka zonse zija munkaima pamzere Loweruka masana n'kulipira pachipata kuti mukamuonere munthu ameneyu. Ngati sidali ntchito, munkalipira chiyani?